Mlombwa Wonunkha Utsi

Chidutswa cha thabwa chimene chinapha Japhet chinali pa tebulo la Sajeni Goliati, pambali pa botolo la inki, ntchentche zikuterapo. Bernadetta anachiona asanaone nkhope ya Sajeniyo. Anali atayenda wapansi kuchokera ku Rivirivi, chinangwa chophika chili m'kansalu, kudzaona mlongo wake Jasten amene anali m'chitokosi cha ku Balaka kuyambira Lolemba.

Kwa apolisi nkhaniyi inali yosavuta. Japhet anali mlonda wa nkhalango, woyang'anira mitengo imene Boma linaletsa kudula popanda chikalata. Anam'peza Lamulungu mu mchenga wa mtsinje wa Rivirivi, umene chaka chimenecho cha 1948 unaphwa msanga. Mutu unali utaphwanyika kunkhongo, ndipo chidutswa cha mlombwa chinali chapafupi. Wocheka mlombwa m'dera lonselo anali mmodzi yekha, Jasten. Komanso msika wonse unamumva mwezi wathawo akuuza Japhet kuti akapitiriza kum'vutitsa ndi zikalata, tsiku lina adzam'goneka padzenje lochekera matabwa n'kum'cheka ngati chipika.

"Chakudyacho siyani apo, mayi. Icho musakhudze, ndi cha Boma."

"Boma linachekapo thabwa liti, a Sajeni? Ine ndinakulira m'utuchi."

Anali atachinyamula kale. Bambo awo anali kalipentala wa ku misoni, ndipo ntchito yosanja matabwa kuti aume inali ya Bernadetta kuyambira asanathe msinkhu. Mwamuna wake atamwalira anabwerera ku ntchito yomweyo kwa Jasten. Anachitembenuza chidutswacho kawiri, n'kuyang'ana kunsonga kwake, kenako kumene chinathyokera.

"Ili si thabwa la achimwene."

"Aliyense wobwera pano amatero. Nkhuku si yathu, mpeni si wathu."

"Ndipatseni mpeni wanuwo."

Sajeni anali munthu wotopa, wa maso ofiira, koma sanali wopusa. Anam'patsa.

"Onani kunsongaku. Ife thabwa tikacheka, nsonga zonse ziwiri timazimata phula, kuti kunsonga kusaume msanga kusiya pakati. Phula lili kuti apa? Onaninso pamimba pake. Timasanja matabwa pansi pa denga la udzu, pamthunzi, timitengo tofanana pakati pa thabwa ndi linzake kuti mphepo izidutsa, miyala pamwamba. Amakhala choncho mvula ziwiri. Timitengoto timasiya mizere yotuwa. Mizere ili kuti?"

"Mwina ili anaiwala."

"Amene amaiwala ndine, chifukwa wosanja ndine. Ndipo sindiiwala. Tsopano onani muno."

Analoza pothyokapo. M'kati mwa thabwalo munali timing'alu tambirimbiri, ngati chisa cha njuchi, chonsecho kunja kwake kunali kosalala.

"Mlombwa ukauma pamthunzi umauma wonse pamodzi, pang'onopang'ono. Ukauumiriza ndi moto, khungu limauma n'kulimba m'kati mudakali madzi. M'katimo mukati muume, mulibe kolowera, mumang'ambika. Thabwa la achimwene likanaphwanya mutu wa munthu, lokha osathyoka. Ili lathyoka ngati mgaiwa wa dzulo."

Anapala pang'ono ndi mpeni n'kusendeza zopalidwazo kumphuno kwa Sajeni.

"Utsi," anatero Sajeni. Ananunkhizanso. "Ndi fodya."

"Chigafa. Wina anaumitsa mlombwa m'chigafa cha fodya wa chikopa, ngati masamba. Achimwene alibe chigafa, sanalimepo fodya chibadwire."

Sajeni anatenga chidutswacho n'kuchibwezera pa tebulo.

"Lole ya ku Zomba ibwera Loweruka kudzatenga omangidwa, mayi. Mlongo wanu sakutsegula pakamwa, n'kuti inde n'kuti iyayi. Ine sindingauze Bwana wathu wa ku Zomba kuti ndamasula munthu chifukwa thabwa likununkha. Chigafacho chili kuti?"

"Chipezeka."

Anam'lola kulankhula ndi Jasten pa kazenera ka chitokosi. Nkhope ya mkuluyo inali itagwa, ndevu zoyera zitatuluka masiku atatu okha.

"Wawauza chiyani, Bernadetta?"

"Za matabwa, achimwene. Kuti lija ndi la moto."

Jasten anagwira chitsulo cha zeneralo.

"Anakutuma ndani?" anafunsa. "Pita kwanu ukasose m'munda. Za amuna uzisiye."

*

Lena, mkazi wa malemu Japhet, anam'peza atakhala pakhonde, mutu wometa, mwana ali pabere. Sanam'patse mphasa.

"Mwabwera kudzaona ngati anafadi? Anafa, mayi. Tinaika dzana. Kawauzeni achimwene anu kuti anagwira ntchito yabwino."

"Ndabwera ndi funso limodzi. Ndikafunsa ndipita."

"Funsani muzipita."

"Loweruka lija pochoka ananena kuti akupita kuti?"

"Apolisi anandifunsa kale. Ndinati kuntchito. Mlonda amapita kuti?"

"Sananene chilichonse cha fodya?"

Lena anakweza mutu. Mwana anasiya bere n'kuyamba kulira, iye osam'labadira.

"Mwadziwa bwanji? Anali akuseka. Anati, Lena, kuli munthu wina akufukiza fodya mu Okutobala, fodya amene sanabzale n'komwe. Ine ndinati si nkhani yanu imeneyo, inu ndi wa mitengo. Iwo anati, ndi wa mitengo amene."

"Dzina anatchula?"

"Iyayi. Anangoti akam'chenjeze, sakalemba m'buku, chifukwa ndi mwana wa anthu odziwana nawo." Anam'bwezera mwana kubere mwamphamvu. "Chifundo chimenecho ndi chimene chawagoneka. Akanapita ndi apolisi bwenzi ali pano. Mwafunsa, zipitani."

Bernadetta anatuluka ndi mawu amodzi m'mutu. Mwana. Jasten anali ndi zaka zoposa makumi asanu, ndipo panalibe munthu akanamutcha mwana wa wina. Mtima wake unapepuka koyamba chiyambire Lolemba, moti panjira anagula mango kwa amayi ena n'kumadya akuyenda.

*

M'mawa wa Lachinayi anatsikira kumtsinje kukafuna Habiba. Mayi ameneyu anali woumba mbiya, ndipo tsiku lililonse ankakumba dongo m'mphepete mwa Rivirivi, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Panalibe moto unkayaka m'chigwamo iye osauona.

"Ajimwiche uli, che Bernadetta, mwadzuka bwanji? Mwabwera kudzagula mphika kapena kudzandifunsira mwamuna?"

"Ndabwera kudzafunsa za utsi."

"Eee, mwafika kwa mwini wake. Utsi ndimaudziwa kuposa mwamuna wanga woyamba. Wachiwiri uja sindinam'dziwe bwino, anathawa msanga." Anaseka, manja ali dongo lokhalokha mpaka m'zigongono. "Utsi wa lupsa ndi wakuda, umathamanga. Wa mbiya zanga ndi wa tsiku limodzi. Wa kachasu umabisala m'zitsamba ngati mwini wake."

"Wa chigafa?"

"Wallahi, umenewo unandidabwitsa! Woyera, wolemera, wokwawa pansi. Masabata atatu osaleka. Ndinati kodi fodya wa chaka chino wapsa mvula isanagwe? Ndinauzanso che Japhet, Mulungu awakhululukire, tsiku limene anandipeza pano."

"Unkachokera kuti?"

"Kutsidyaku, kuseri kwa mkuyu waukulu uja. Pamunda paja panasiyidwa, pali chigafa chakale chopendekeka, cha malemu che..."

Habiba anaima. Anayang'ana Bernadetta, n'kuyang'ana dongo limene linali m'manja mwake.

"Ngwamba, iyayi," anatero motsitsa. "Mwina ndinaona molakwa. Maso akalamba awa. Mwina unali wa makala."

Kuseri kwa mkuyu kunali chigafa chimodzi chokha. Anachimanga ndi Blasius, mwamuna wa Bernadetta, chaka chimene mwana wawo Amosi anayamba kuyenda.

*

Sanathamange. Anawoloka mchenga wotentha pang'onopang'ono, akudziuza kuti chigafa chosiyidwa chilibe chitseko, aliyense angathe kulowamo. Amosi anali ku Kawinga kuyambira Lachiwiri la sabata yathayo, kwa makolo a Scholastica, mtsikana amene ankayembekeza kukwatira ukatha Khirisimasi. Anatsazika yekha, atavala malaya ake oyera. Kawinga ndi kutali, kutsidya kwa Shire. Munthu sangakhale kuwiri.

Khoma la chigafa linali litamatidwa dothi latsopano m'ming'alu. M'kati, maenje a moto anali odzaza phulusa. Pamitanda imene kale ankapachikapo fodya panali matabwa a mlombwa, khumi ndi awiri kapena kuposa, ogonekedwa popanda timitengo, popanda miyala. Onse anali atapindika. Ena anakhota ngati uta, ena anapotoka ngati chingwe, ndipo kufiira kokongola kwa mlombwa kunali kutasanduka phulusa. Mtengo wa zaka zana unali utaonongeka m'masabata atatu.

Pakona, munthu anali atagwada akukumba dzenje ndi khasu lalifupi. Pambali pake panali theka la thabwa lothyoka.

"Ku Kawinga wabwerako liti?" anafunsa Bernadetta.

Amosi anatembenuka. Anali mnyamata wa mapewa aakulu, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, koma khasu linam'pulumuka m'manja.

"Amayi."

"Ndafunsa funso."

"Sindinapite. Ndimagona muno, kusonkhezera moto. Ndinapita Lamulungu, zitachitika, kuti anthu andione kumeneko."

"Zitachitika. Zinachitika zokha?"

Amosi anakhala pansi m'phulusa.

"Ndinalonjeza bedi ndi bokosi, amayi. Bambo ake a Scholastica anandiseka pamaso pa anthu. Anati mphwake wa mwini mlombwa abwera chikamwini ndi mphasa ya bango? Ndinakapempha amalume matabwa asanu ndi limodzi okha. Anandikaniza. Anati sanaume, atsala ndi mvula imodzi, ndidikire chaka chamawa. Ndinati ukwati ndi wa chaka chino. Anati ukwati ungadikire, thabwa silifulumizidwa."

"Ndiye unakadula wako."

"Ndinagwetsa kuphiri, ndinalipira anthu odutsa kuti andithandize kucheka. Ndinaganiza kuti moto ndi moto, fodya amauma, thabwa lilekerenji?"

"Zaka zonsezi ukundiona ndikumata phula, umati ndimasewera?"

Bernadetta analoza theka la thabwa lija.

"Japhet ananena kuti akungokuchenjeza. Sakanakulemba."

"Anatenga thabwa limodzi, amayi! Anati akawaonetse amalume, aone zimene mphwawo wachita ndi mlombwa. Akuseka. Ndinam'tsatira mpaka mumtsinje ndikum'pempha. Anangoti iwe ndiwe kalipentala wa mbatata zootcha. Ndinalanda thabwalo. Sindinafune..." Anapukuta kumaso, phulusa n'kumatirira. "Linathyoka. Theka linalo linagwera m'bango, anthu ankabwera ndi ng'ombe, ndinathawa."

"Amalume ako akupita ku Zomba Loweruka. Ukudziwa zimene amachita ku Zomba ndi munthu wopha wantchito wa Boma?"

"Ndikudziwa."

"Nanga?"



"Amalume ndi achikulire, amayi. Ine sindinayambe n'komwe."

Bernadetta anam'menya pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, kamodzi, monga sanam'menyepo chiyambire ali wamng'ono. Mnyamatayo sanazinde.

"Ndinyamuka lero," anatero magazi ali pamlomo. "Ndikwirira izi, ndiwoloka ku Liwonde, ndidutsa ku Kawinga mpaka kwa Apwitikizi. Ndikafika kumeneko mukanene dzina langa. Amalume atuluka, ine sandipeza."

Anali maganizo abwino, ndipo Bernadetta anadziwa kuti ndi abwino. Koma anaonanso nkhope ya mwana wake. Munthu amene wangonena kuti amalume ndi achikulire angathenso kusowa osatumiza mawu, iye n'kukhala akudikira uthenga Jasten akukwera lole. Komanso nkhani ya mbumba siigamulidwa ndi mayi yekha mwini mbumba ali moyo.

"Suchoka," anatero. "Mutu wa banja lino ndi amalume ako. Mawa ndikawafunsa. Ukhala muno mpaka nditabwera. Ukasuntha phazi, usadzanditchenso amayi."

"Amayi..."

"Lumbira pa bambo ako amene anamanga chigafa chino."

Amosi analumbira.

*

Anafika ku Balaka Lachisanu dzuwa lili pamutu. Sitima ya katundu inali itaima pa siteshoni ikupuma nthunzi. Sajeni kunalibe, ndipo wapolisi wa pakhomo anam'lola kupita kukazenera.

"Mumadziwa," anatero Bernadetta, moni osapereka.

"Ndinadziwa atangondionetsa chidutswacho," anayankha Jasten. "Sowo imene inacheka thabwa lija ndi yanga yakale, ya dzino lothyoka. Ndinam'patsa Amosi ndekha chaka chatha. Iwe unaona utsi, mano a sowo sunawaone."

"Bwanji osandiuza Lachitatu?"

"Ndinakuuza kuti upite kwanu. Unayamba wamverapo munthu iwe?"

Bernadetta anatsamira khoma. Linali lotentha ngati chiwaya.

"Akufuna kuthawira kwa Apwitikizi. Akuti akafika tinene dzina lake."

"Ndi nzeru. Wanyamuka liti?"

"Sananyamuke. Ndamuuza kuti adikire mawu anu."

"Mawu anga?" Jasten anaseka kuseka kouma. "Bernadetta, mawu anga ndapereka kale. Dzulo Bwana anabwera kuchokera ku Zomba. Ndinaona kuti iwe suleka kununkhiza, ndiye ndinavomera. Ndinati ndine, ndinaumitsa thabwa limodzi pa moto wa kukhitchini kuti ndiyese. Ndadinda chala papepala."

"Achimwene, mwapenga?"

"Anandipempha matabwa asanu ndi limodzi. Ndinali nawo makumi anayi. Bedi lija likanakhota pang'ono pakatha chaka, ndani akanafa nalo? Ndinasankha thabwa kusiya mwana wa mlongo wanga. Usiku uliwonse muno ndimawerenga matabwa amenewo." Anayandikiza nkhope kuchitsulo. "Thamanga. Kamuuze achoke lero lomwe, asadikire mdima. Matabwawo awatenthe. Ine za ine zatha."

Bernadetta anakwinda chitenje n'kutembenuka. Sanafike n'komwe pachipata.

Mumsewu wa ku Rivirivi munkabwera anthu anayi. Patsogolo panali Sajeni Goliati akukankha njinga, theka la thabwa litamangidwa pakaliyala. Pambuyo pake apolisi awiri, ndipo pakati pawo Amosi, manja atamangidwa chingwe, malaya oyera aja ali phulusa. Ana a pa siteshoni ankawatsatira akuimba.

"Aa, mayi, muli pano," anatero Sajeni akupukuta thukuta. "Kuyambira dzulo takhala tikulowa m'zigafa zonse za m'mphepete mwa mtsinje, zisanu ndi zinayi. Nsonga, mizere, fungo, monga munandiphunzitsira. Cha khumi ndi chimenechi. Tam'peza atangokhala pakhomo, njira ili pululu, osathawa. Zaka makumi awiri ndili m'chipolisi, sindinaonepo wakupha wodikira chonchi." Anaima ataona nkhope yake. "Mukum'dziwa?"

"Ndi mwana wanga."

Sajeni anavula chisoti. Anachiyang'ana m'kati ngati muli cholembedwa, n'kuchivalanso.

"Pepani, mayi."

"Pepani sandithandiza. Mwam'peza wanu. Tsegulani chitokosi, achimwene atuluke."

"Zimenezo sizili m'manja mwanga."

"Munanena nokha kuti chigafa chikapezeka..."

"Ndinanena Lachitatu. Lachinayi mlongo wanu anadinda chala pamaso pa Bwana, ndipo pepalalo linapita ku Zomba m'thumba la Bwana. Sindingalitsatire kukaling'amba. Tsopano ndili ndi mmodzi wovomera pakamwa, wina wogwidwa ndi thabwa. Sowo ndi ya uyu, chigafa ndi cha uyu. Bwana anena kuti anapangana."

"Sanapangane! Achimwene akunama kuti apulumutse mwanayu!"

"Mwina woweruza akhulupirira zimenezo. Akakhulupirira, mkuluyo alandira zaka zake chifukwa chonamiza Boma ndi kubisa wakupha, ndipo pa msinkhu wakewo sindikudziwa ngati adzaonenso Rivirivi. Akapanda kukhulupirira, chingwe chimakwana anthu awiri. Mudzaitanidwa, mayi. Za matabwazi palibe wina angazifotokoze m'khoti ngati inu."

Apolisi anam'dutsitsa Amosi pafupi naye. Mnyamatayo sanalire, sanakalipe. Anangoima pang'ono, chingwe chikum'koka.

"Ndinakudikirani, amayi," anatero. "Amalume ati bwanji?"

Bernadetta anatsegula pakamwa, koma wapolisi anali atam'kankhira kale m'kati. Anamva loko akutsekulidwa, kenako mawu a Jasten akufuula dzina la mphwake kamodzi, kenako loko akutsekedwa.

Loweruka m'mawa lole inabwera nthawi yake. Anawakweza onse awiri kumbuyo, pamwamba pa matumba a thonje, atawamanga unyolo umodzi. Bernadetta anaima pamsewu mpaka fumbi linatha. Wapolisi wa pakhomo anam'bweretsera kapepala kolembedwa tsiku la mlandu, n'kumuuza kuti adinde chala pansi pake posonyeza kuti adzabwera kudzachitira umboni. Anafunsa ngati angakane. Wapolisiyo anati iyayi, n'kum'sendezera inki.